Mfundo ya Kamanzere

Nthenga anadzuka ali ndi nyimbo pakamwa. Asanatsegule n'komwe maso, anatambasula mkono kuseri kwa chitseko, pamsomali pamene ankakoloweka sikafu yake. Dzanja linakumana ndi msomali wokhawokha.

Nyimbo ija inathera pomwepo.

Dzina loti Nthenga anamupatsa ndi anzake a m'gulu la atsikana ovala masikafu, amene amakumana Loweruka lililonse kuphunzira kumanga zingwe, kukhoma matenti ndi kuthandiza ovulala. Ankati kamphepo kalikonse kamamunyamula. Ukamufunsa kuti zikhomo za tenti waika kuti, iye maso ali pamtambo woti wafanana ndi sitima yapamadzi. Sukulu anali atamaliza, zotsatira za mayeso zinali zisanatuluke, ndipo masiku ankakwawa ngati nkhono yodwala msana. Koma Loweruka limeneli ankalidikira kuposa zotsatira zomwezo. Linali Tsiku la Ubwenzi, tsiku limodzi pachaka limene atsikana a masikafu a m'mayiko onse amaganizirana. Nthenga ankakonda kuliona m'maganizo: kwina kukucha, kwina kukuda, kwina kukugwa chisanu choyera ngati thonje, koma paliponse mtsikana wina wagwira sikafu yake pachifuwa, akuganizira mnzake amene sanamuonepo. Ukaziganizira bwino zinali zofuna kuliritsa.

Iye tsono amene ankamuganizira ankamudziwa mpaka kachipsera ka pabondo. Anali Kamanzere, mnzake wa ponda apa nane m'pondepo, amene anasamuka ndi makolo ake kupita dziko lakutali lozizira, Tsiku la Ubwenzi la chaka chatha litangodutsa. Patsiku limenelo atsikana amamangirana mfundo kunsonga ziwiri za sikafu. Mfundo yaubwenzi sudzimangira wekha, amakumangira ndi mnzako, ndipo ukamangiridwa sumasula. Sikafuyo umangoivula kudzera kumutu ngati mkanda. Kamanzere anamumangira Nthenga ndi dzanja lake lamanzere lija, mfundo yoyang'ana kumbali kosiyana ndi za anthu onse, ndipo awiriwo analumbira, maso ali ofiira, kuti sidzamasulidwa mpaka adzakumanenso.

Chiyambire pamenepo mauthenga a pafoni ankafupika pang'onopang'ono. Poyamba anali aatali ngati ulaliki, kenaka mizere iwiri, tsopano kankhope koseka basi. Nthenga sankauza munthu, koma ankaona ngati chimene chatsala kuwagwira awiriwo ndi mfundo ijayi. Ndiye lero masana Anti Wenzulo, mtsogoleri wa gulu lawo, anali atakonza zoti alankhulane pa laputopu, maso ndi maso, ndi gulu latsopano la Kamanzere. Dzulo Kamanzere analemba uthenga wake wautali kuposa onse a mwezi umenewo: "Mawa tionetsana mfundo. Wamasula aoneka."

Nthenga anasuzumira pansi pa bedi, anagwedeza bulangeti, anatulukira pakhonde ali ndi chovala chogonera. Fungo la nsalu yotentha linamuchingamira.

Bambo ake ankagwira ntchito yochapa ndi kusita ku hotela ina yaikulu m'tauni. Anali munthu woti akaona khwinya pa nsalu mtima umawawawa ngati aona mwana wanjala. Ngakhale tsiku lopuma ankaimika tebulo lawo pakhonde, simbi m'manja, akuliza kamluzu. Pamwamba pa mulu wa zovala zosita, yopindidwa bwino makona atatu, yosalala ngati pepala, panali sikafu yachikasu. Nsonga zake ziwiri zinagona chotalikirana ngati anthu okwiyitsana.

"Wadzuka, mayi?" anatero bambo akewo, nkhope ili ngwee. "Taona! Ndimafuna ukaoneke ngati mwana wa munthu lero."

"Ababa," anatero Nthenga. "Mfundo ija ili kuti?"

"Usandikumbutse! Chinthu chija chinandivuta, mwana iwe. Zikhadabo zinakanika, mano anakanika, mpaka ndinachita kutenga foloko."

"Foloko!"

"Eya, yaing'ono ija. Ndipo zimene ndinapeza m'katimo! Fumbi, thukuta, kanjere ka lalanje. Chaka chathunthu osachapa? Ine bambo wako wochapa, anthu amati chiyani ukamadutsa?"

Nthenga anakhala pansi pa sitepe, nagwira mutu. Anafotokoza za lamulo, za lumbiro, za laputopu ya masana, mawu akuthamangitsana ndi misozi. Bambo ake anaimika simbi chagada, kumwetulira kuja kukuchoka pang'onopang'ono.

"Iii, ndiye ndapalamula chitedze," anatero. "Koma mfundo ndi mfundo, mayi. Bwera kuno. Ine ndamangira mataye mabwana oti sadziwa n'komwe kumanga nsapato zawo."

Anamukoloweka sikafuyo m'khosi, napotoza apa, nalowetsa apo, nakoka. Nthenga anadziyang'ana pagalasi la zenera.

"Ababa, ndikuoneka ngati loya."

"Loya ndi woipa? Sukulu wamaliza, yamba kuzolowera."

Anathawira kuchipinda, natseka chitseko. Tisabise, anayesa kudzimangira yekha. Lamulo analiuza kuti liyang'ane kumbali kaye. Koma Nthenga pa maphunziro onse a mfundo ankakhala akuyang'ana mitambo, ndipo zala zake zinalibe chipiriro ngati mwini wake yemwe. Akamanga n'kukoka, nsonga zinkangopululuka n'kumuseka. Ataponya sikafuyo pabedi ndi mkwiyo m'pamene anaona chinthu. Dzuwa la chaka chonse linali litaifwifwitsa, yasanduka ngati mkaka wothira pang'ono mazira. Koma malo amene anabisala m'kati mwa mfundo anali achikasu chowala ngati tsiku logula. Kunsonga kulikonse kunali timadontho towala, tosonyeza pamene nsalu inapindika, pamene inalowa, pamene inatulukira. Simbi ya bambo ake inafafaniza makwinya, koma mapazi a mfundo ya Kamanzere anatsala.

Munthu wodziwa akanatha kulondola mapazi amenewo. Ndipo m'gulu lonse munthu wodziwa analipo mmodzi. Nthenga atamukumbukira anabuula.

Wotchi.

Ankamutcha choncho chifukwa sanachedwepo chibadwire, ndipo anthu ankati tsiku lobadwa anafika azamba asanasambe m'manja. Ndiye ankaphunzitsa ana atsopano mfundo zonse, kuyambira yomangira bandeji mpaka yokokera munthu m'dzenje. Kamanzere atachoka, Loweruka lotsatira Wotchi anabwera ndi chikwama chake n'kufuna kukhala pabenchi pambali pa Nthenga. Nthenga anaika dzanja pamalopo n'kunena kuti, "Pali munthu." Panalibe munthu. Wotchi anayang'ana malo opanda kanthuwo, nayang'ana Nthenga, nanyamula chikwama chake. Chichokereni tsiku limenelo ankangopatsana moni wa pakamwa.

Koma madzi akafika m'khosi susankha nthambi. Nthenga anavala yunifolomu mofulumira, mabatani awiri n'kulowa mabowo olakwika, anapinda sikafu n'kuibisa m'thumba, natuluka osamwa tiyi.

"Makolo atiitana, eti?" bambo ake anafuula kumbuyo. "Ndibwera!"

"Foloko musiye kunyumba!"

Mumsewu zonse zinkamuchedwetsa dala. Wosoka nsapato wa pakona ankafuna kudziwa za mayeso. Basi inaima pakati pa njira kudikira mayi wina amene ankatsanzikabe mlamu wake. Ali pazenera la basiyo Nthenga analota zonse zimene zikubwera: Kamanzere akuona khosi lopanda mfundo, akutembenuka mwakachetechete, akuyenda m'chisanu chija atagwirana mkono ndi mtsikana wina watsitsi lalitali, osacheuka. Iye adzakalamba yekha pabenchi, dzanja lili pamalo opanda munthu. Anadzimvera chisoni kwambiri moti anapitirira potsikira, n'kubwerera wapansi chothamanga.

Mu holo munali kale phokoso la ana aang'ono a m'gululo. Kagulu kalikonse kanatola dziko lake m'chipewa cha Anti Wenzulo mwezi wapitawo, ndipo tsopano kankayeserera moni ndi nyimbo za dzikolo, malilime akupindika ngati akutafuna chingamu. Patebulo lakutsogolo panali mpira wa dziko lapansi wophwanyika mbali imodzi, makandulo ndi laputopu yobwereka. Wotchi anali atakwera pampando, akupachika chingwe cha timbendera tapepala, misomali ili pakamwa.

"Wotchi," anatero Nthenga chapansipansi. "Wadzuka bwanji, mnzanga?"

Wotchi anachotsa misomali pakamwa umodziumodzi. "Mnzanga? Kunja kukugwa mvula?"

"Tatsika kaye. Ndagwa nayo."

Analowa m'kachipinda kosungiramo matenti, konunkha chinyezi ndi zingwe zakale. Nthenga anatulutsa sikafu ija. Wotchi anaiyang'ana, nsidze zikukwera.

"Wamasula?"

"Ababa. Ndi foloko. Usaseke."

"Sindikuseka," anatero Wotchi, milomo ikunjenjemera. "Ndiye ukufuna ndikumangire ina?"

"Ndikufuna yomwe ija. Ya Kamanzere. Yoti akaiona asadziwe."

"Ukufuna ndibe dzanja la munthu."

"Kubwereka chabe! Wotchi, chonde, nthawi ikutha."

"Nthawi ndimaidziwa ndine, osati iwe." Koma zala zake zinali zitayamba kale kuyenda pansalupo. Anaitengera pakazenera, nayang'ana timadontho towala tija ngati dokotala akuwerenga chithunzi cha fupa. "Ee, taona. Ankayamba ndi nsonga iyi, n'kupinda chobwerera. Apa analumphitsa, n'chifukwa chake inkapendekera. Ndinamuuza kangati ine za kulumphitsa kumeneku?" Anapumira m'mwamba. "Imirira bwino. Kweza chibwano. Usagwedezeke."

"Ndiye wavomera?"

"Ndimanga. Sindiuza munthu. Koma wina akandifunsa, ine bodza sindilitha, limandituluka thukuta. Wamva?"

Anamukoloweka sikafuyo m'khosi, nabisa dzanja lamanja kumbuyo kwa nsalu, nayamba ndi lamanzere, pang'onopang'ono, lilime lili pakona pa kamwa. Kwa Nthenga kuima chilili osagwedezeka chinali chilango choposa mayeso a masamu. Posowa poyang'ana, maso ake anagwera pakhosi pa Wotchi. Sikafu yake inali yoyera bwino, yopindidwa mwa lamulo, koma nsonga zake zinangolowetsedwa m'kamphete kachikopa, konga kamene amavala ana ongolowa kumene.

"Mfundo yako ili kuti?"

"Ndati usagwedezeke."

"Iwe umamangira gulu lonse. Palibe anakumangirapo?"

"Wina anayesa chaka chatha," anatero Wotchi, maso ali pantchito. "Ndinangomuuza kuti wayamba ndi nsonga yolakwika. Analira, anathawa. Kuyambira pamenepo amandiopa ngati ndimaluma." Anakoka nsonga zonse ziwiri, napendeketsa mfundoyo dala, nkhope ikuchita ngati wamwa mankhwala owawa. "Ndiyo imeneyo. Yolakwika bwinobwino ngati ya mwini wake."

Nthenga anadziyang'ana pachivundikiro cha poto wa kumisasa. Timadontho tonse towala tinali titabisala. Inali mfundo ya Kamanzere yeniyeni, yopendekera kumanzere ngati munthu womvetsera nkhani ya ena. Anafuna kumukumbatira Wotchi, koma Wotchi anali atatuluka kale kukamaliza timbendera take.

Mwambo unayamba ndi wenzulo. Anti Wenzulo anali mayi wamfupi wachifuwa chachikulu, amene pa sabata ankagulitsa mankhwala m'sitolo, ndipo ankakhulupirira kuti palibe vuto padziko limene silingathe ndi kuliza wenzulo mwamphamvu. Atsikana anaima mozungulira, manja opingasa atagwirana. Makolo anakhala kumbuyo, ndipo pakati pawo Nthenga anaona bambo ake, malaya osita moti ukanadzicheka nawo. Anayatsa makandulo, mwana aliyense woyatsa akutchula mbali ya dziko imene akuiganizira. Kenaka timagulu tija tinaimba nyimbo zawo zachilendo, zimene eni ake akanazimva akanapempha womasulira. Nthenga ankangosinthanitsa miyendo. N'chifukwa chiyani nyimbo za mayiko ena zimakhala ndi ndime zambiri chonchi?

Potsiriza Anti Wenzulo anatsegula laputopu. Netiweki ya mu holomo inali yamanyazi, inkangopezeka pafupi ndi zenera lam'mwamba.

"Tikufuna munthu wa mkono wosatopa," anatero Anti. "Wotchi, kwera pampando, nyamula foni yangayi m'mwamba. Ukatsitsa, tonse tathera panjira."

Wotchi anakwera kuseri kwa tebulo, mkono uli njo ngati mtengo wa mbendera. Laputopu inalira, inaganiza, inaganizanso, kenaka panatulukira chipinda chowala chodzaza atsikana ovala majuzi, akugwedeza manja. Holo yonse inakuwa. Anapatsana moni, mtsogoleri wa uko analankhula, Anti Wenzulo analankhula kuposa pamenepo, ana anafunsa ngati n'zoona kuti kumeneko madzi amauma pampopi. Ndiyeno nkhope ina inadzikankhira kutsogolo, tsitsi lometa mwachilendo, masaya atanenepa, koma mpata wa mano uli womwe uja.

"Nthenga ali kuti? Kapena mphepo yamutenga?"

Anzake anamukankhira pampando wa patsogolo pa laputopu. Mawu onse okoma amene anakonza mwezi wathunthu, za nyenyezi imodzi imene onse awiri amaiona, anauluka.

"Wanenepa," anatero.

"Ndi juzi, iwe! Mabatani ako alowa molakwika. Sunasinthe. Tiye, onetsa!"

Nthenga anakweza mfundo ija kufupi ndi kadiso ka laputopu. Kamanzere anayandikira, natsinzinira, kenaka anaomba m'manja.

"Ilipo! Mayo ine, ilipo!" Anatembenukira anzake atsopano aja, nawauza zinazake m'chilankhulo chawo, onse n'kunena kuti aaa. Kenaka anabwerera. "Dzanja langa ndi dzanja langa, anthu inu. Chaka chonse osasuntha! Wotchi ali pompo? Muuzeni abwere aone mfundo yeniyeni. Ankati ndimalumphitsa, ndimalumphitsa. Iye angamange yokongola chonchi?"

Holo inaphulika ndi chiseko. Zinatheka. Bodza linadutsa osagunda chitseko, ndipo Nthenga akanangomwetulira, nkhani ikanathera pomwepo. Koma pamwamba pa laputopu, kuseri kwa nkhope yoseka ya Kamanzere, panali Wotchi pampando wake. Mkono unkanjenjemera ndi kutopa. Maso anali kudenga, ngati kumeneko kwalembedwa nkhani yofunika. Thukuta linkatsika pambali pa khutu, ndipo kamphete kachikopa kaja kankakwera ndi kutsika pakhosi pake.

Anthu amati Nthenga sadziwa kudikira. N'zoona. Sanadikire ngakhale kuti aganize.

"Wamanga ndi Wotchi."

"Wati chiyani? Mawu akuduka."

"Ndati mfundoyi wamanga ndi Wotchi, lero lomwe, m'chipinda cha matenti. Yako inamasulidwa. Ndinamupempha kuti aifanizire kuti usadziwe."

Nkhope ya Kamanzere inauma. Pakamwa pali yasa, diso limodzi lotseka pang'ono, osaphethira, osapuma. Nthenga anadikira. Ndi mmene ubwenzi umathera, anaganiza. Popanda ngakhale mawu.

"Kamanzere, ndikhululukire. Lankhula, ngakhale kunditukwana."

Nkhope ija sinagwedezeke.

Pyooo! Wenzulo analira. "Wotchi! Mkono!"

Wotchi, podabwa ndi zimene anamva, anali atatsitsa foni mpaka m'chiuno. Anaikweza msangamsanga. Laputopu inaganizanso, ndipo Kamanzere anatsitsimuka pakati pa chiganizo.

"...ndikufunsa kuti anamasula ndani? Iweyo?" Sankaseka tsopano. Mawu ake anali aang'ono.

"Ine ayi. Ababa."

Kumbuyo kwa holo munthu anaimirira, chipewa chili m'manja. "Ndine ndemwe, mwana wanga," anafuula bambo a Nthenga. "Inali yakuda zedi. Ndinagwiritsa foloko."

Kamanzere anaphimba pakamwa ndi dzanja. Mapewa anayamba kugwedezeka. Kenaka anagwetsa mutu patebulo, chiseko chikumveka kudutsa nyanja zonse za pampira wophwanyika uja, ndipo holo inamutsatira. Atadzuka ankapukuta maso ndi mkono wa juzi.

"Moni, ababa! Mukadali ndi simbi yanu ija?" Anayang'ananso Nthenga. "Koma iwe, ukanangondiuza. Umandiyesa ndani? Taona kuno."

Anakweza sikafu yake. Mfundo imene Nthenga anamumangira chaka chatha inalipo, ngati tingaitche mfundo. Inali kachibuluma kokwinyika, ndipo ponseponse panali ulusi wakuda, wosokedwa mokhotakhota ngati chilonda cha kuchipatala.

"Inayamba kumasuka ndisanakwere n'komwe ndege," anatero Kamanzere. "Ndinaigwira ndi dzanja ulendo wonse, ngakhale podya. Titafika ndinabwereka singano. Umamanga ngati ukuthamangira basi, mnzanga."

Nthenga anayang'ana ulusi wakudawo. M'maganizo anaona Kamanzere m'chipinda chachilendo, zikwama zisanamasulidwe, akubaya nsalu ndi dzanja lake lamanzere. Zimenezo sizikanakwana m'kankhope koseka ka pafoni.

"Bwanji sumalemba zambiri?" anafunsa, osasamala kuti holo yonse ikumva.

"Ndikalemba zambiri ndimalira, ndiye amayi amandilanda foni. Iwenso umayankha ndakatulo, ine ndiyankhe chiyani? Uzingondiimbira Lamlungu, tizinyozana ngati kale." Anakweza mawu. "Wotchi! Uli kuti? Ndakutamanda mwangozi, usazolowere."

"Ndamva kale," anayankha Wotchi ali pampando. "Sizibwezedwa."

"Malo anga pabenchi alipo?" anafunsa Kamanzere.

"Alipo," anatero Nthenga.

"Benchi lija ndi lalitali, anthu inu," anatero Wotchi. "Ndinaliyeza."

Nthawi ya laputopu inatha ndi nyimbo yotsanzikana, uku akuimba mofulumira, uko mochedwa, mpaka Anti Wenzulo anaidula ndi wenzulo. Kenaka analengeza nthawi yomangirana mfundo. Atsikana anathamangirana awiriawiri. Wotchi anatsika pampando akusisita phewa, nayamba kuzungulira monga mwa chizolowezi chake, kuyang'ana amene akulakwitsa. Nthenga anamutsekera njira.

"Imirira bwino. Kweza chibwano."

"Ukufuna kutani?"

"Usagwedezeke." Anasolola kamphete kachikopa kaja, nakaika m'thumba mwake.

"Nthenga, iwe sudziwa kumanga. Dziko lonse laona umboni."

"Ndiye ukhala chete, chifukwa ukalankhula ndilira, ndithawa, ukhalanso chaka china ndi mphete."

Wotchi anatseka pakamwa. Nthenga anagwira nsonga ziwirizo, nayesa kukumbukira zimene anaona m'chipinda cha matenti. Anapinda, analowetsa, anabweza, analowetsanso pena. Wotchi anatulutsa kamawu ngati ka mwana wa mphaka wopondedwa.

"Wati chiyani?"

"Palibe."

"Ndayamba ndi nsonga yolakwika?"

Wotchi analuma mlomo, natseka maso, napukusa mutu. Thukuta linatuluka pamphumi.

Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake Nthenga sanathamange. Anamasula, nayambanso, zala zikuterera. Ena onse anamaliza, anayamba kupanga mzere wa zakumwa, iye akadali pomwepo. Pomaliza anakoka nsonga zonse ndi mphamvu zake zonse, ndipo chinthucho chinagwira. Nsonga imodzi inaloza kudenga, ina kukhomo.

Wotchi anaweramitsa mutu, nachiyang'ana nthawi yaitali.

"Pa mfundo zonse zimene ndinaonapo," anatero pang'onopang'ono, "iyi ndiye yoipitsitsa."

"Ndimasule?"

"Ndani wakuuza?"

Anatenga zakumwa zawo n'kukakhala pabenchi lija. Nthenga anayamba kuika dzanja pambali pake mwa chizolowezi, kenaka anasendera, ndipo malo a Kamanzere anatsala kumanzere, Wotchi kumanja. Ali pomwepo bambo ake anafika, akupukusa chipewa m'manja.

"Ndakhululukidwa, mayi?"

"Mwakhululukidwa, ababa. Koma sikafu yanga musadzaikhudzenso."

"Ngakhale kungoipukuta ndi kansalu konyowa?" Asanayankhidwe, maso awo anagwera pakhosi pa Wotchi, ndipo nkhope yawo inagwa ngati aona ngozi ya pamsewu. "Iii, mwana wanga, ndani wakuchita zimenezi? Tabweretsa kuno ndikakuwongolere. Mawa lomwe uitenga ili bwinobwino."

Wotchi anaika botolo pansi, naphimba mfundo yake ndi manja onse awiri.

"Zikomo, ababa," anatero. "Ili bwino chomwechi."